Mlatho wa Uta pa Nakhwale

A Fraser anasiya kumanga chaka chimene namondwe wa Freddy anagumula phiri. Sanalengeze kwa munthu kuti asiya. Anangotenga mpeni wawo womangira, levulo ndi chingwe, n'kuzikulunga m'thumba la feteleza, n'kuzisomeka kudenga. Aliyense wobwera kudzawapempha kuti akamudzutsire khoma ankamuuza kuti msana ukuvuta. Msanawo unali bwinobwino, poti kumunda ankalima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Akazi awo, a Belita, ankadziwa chimene chinavuta, koma sanafune kukanda pachilonda.

Chinavuta chinali mlatho wa pa Nakhwale. Nakhwale ndi kamtsinje kotsika m'phiri la Mulanje, kamene kamadula njira yochokera kumidzi ya m'tsinde mwa phiri kupita ku Nkhulambe, komwe kuli msika, chigayo ndi chipatala. M'chilimwe mbuzi imawoloka osanyowa mimba. Ali mnyamata, a Fraser anali m'gulu la amisiri amene anamanga chipilala cha pakati pa mtsinjewo, chimene chinkanyamula mitanda ndi matabwa a mlatho. Ndi pachipilala chimenecho pomwe anaphunzirira kuimika khoma, ndipo kwa zaka zambiri ankati akamadutsa panjinga, ankasuzumira pansi ngati munthu woona mwana wake woyamba.

Tsiku la namondweyo, limene Napolo, chigumula cha m'phiri, anatsika, iwo anali pachitunda pamodzi ndi anthu ena othawa, ndipo anaona ndi maso awo. Sanali madzi okha. Linali phala lofiira la matope, lonyamula mitengo ndi mizu yomwe, miyala yaikulu ngati nkhokwe ikugubuduzika n'kumagundana mpaka nthaka kunjenjemera kuphazi. Mitengo inayamba yakodwa pachipilala, zinyalala zinaunjikana, madzi anakwera kumbuyo kwake, kenaka chipilala chija chinangopendeka pang'onopang'ono ngati nkhalamba yofuna kukhala pansi, n'kumira. Sichinapezekenso, ngakhale chidutswa chake. M'midzimo munapita nyumba, minda ndi anthu, ena mwa iwo alibe manda mpaka lero. Pamaliro otere palibe akanalira chipilala. Koma a Fraser anagamula mumtima mwawo kuti kumanga ndi masewera a ana pamchenga, phiri likafuna limangofafaniza.

Dzinja lotsatira linapeza anthu opanda mlatho. Mtsinje ukadzaza, ana a sukulu ankabwerera panjira, odwala ankadikira kutsidya ali gone pamachira, ndipo wofuna kukagayitsa ankayamba wayang'ana kuphiri ngati kuli mitambo. Amuna anagwetsa bulugamu n'kuupingasa, koma madzi oyamba omwe anautenga. Tsiku lina a Belita anafika pakhomo atanyowa mpaka m'khosi, ufa wonse utasanduka phala m'thumba. Anangoutula pakhonde. A Fraser anayang'ana kumbali.

Mvula itatha, nandolo atayamba maluwa, kunabwera injiniya wotumidwa ndi bungwe lina lokonza misewu ya kumidzi. Anthu ankayembekezera bambo wa mimba ndi galimoto, koma amene anatsika pa njinga yamoto ya kabaza anali mtsikana wowonda, dzina lake Aliness, wa ku Jenala konkuno. Chichewa chake chinali chokoka ngati chawo chomwe, ndipo anapatsa moni amayi achikulire m'Chilomwe mpaka iwo kuombera m'manja. Masiku oyamba sanagwire chilichonse chimene anthu akanachitcha ntchito. Ankangoyenda m'mbali mwa mtsinje, kukwera ndi kutsika, akufunsa aliyense pamene madzi a Napolo analekeza. Ankayang'ana zipsera pa makungwa a mitengo ndi zinyalala zouma zimene zinatsakamira m'nthambi, n'kumabaya nthaka ndi chitsulo chachitali kuti amve pamene pali thanthwe.

Malo amene anasankha sanali pa mlatho wakale. Anali chakumtunda, pamene mtsinje umapanikizika pakati pa magombe awiri aatali, pomwe Napolo anakokolola dothi lonse n'kusiya thanthwe lakuda lili poyera uku ndi uku. Pamsonkhano umene unachitikira pabwalo la tchalitchi, ena anadandaula kuti njira ikhota, koma dandaulo limeneli linaiwalika Aliness atafotokoza za mlatho weniweniwo. Anati sukhala ndi chipilala pakati, chifukwa chilichonse choima m'madzi a phiri chimakola mitengo, ndipo mitengoyo ndi imene imachigwetsa. Anati sukhalanso ndi zitsulo. Ukhala wa miyala yokhayokha, yomweyi imene Napolo anamwaza m'minda mwawo, yoyalidwa mokhota ngati uta kuchokera gombe ili kukatera gombe ilo, madzi ndi mitengo n'kumadutsa pansi momasuka.

Anthu anayang'anana. Wina kumbuyo anafunsa ngati miyala ya ku Jenala imauluka, ndipo bwalo lonse linafa ndi phwete. A Fraser anabwera pamsonkhanowo chifukwa choumirizidwa ndi a Belita, ndipo sanafune kulankhula, koma anthu anatembenukira kwa iwo monga mmisiri wamkulu wa m'deralo. Anaimirira monyinyirika.

"Mayi, uta ndimaudziwa. Ndinaumangapo pazenera la tchalitchi ichi, ndi pakamwa pa uvuni wa njerwa. Koma zenera ndi mkono umodzi. Mtsinje si zenera."

"Zoona, bambo," anayankha Aliness. "Ndiloleni mawa ndibwere kwanu ndidzakuonetseni kanthu. Mukadzakana mutaona, sindidzakuvutitsaninso."

Anabweradi m'mawa, a Belita akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Anapempha tcheni chakutha cha njinga ndi chitseko chakale chimene chinali kuseri kwa khola. Chitsekocho anachiyedzeka pakhoma, nakhomapo misomali iwiri, uku ndi uku, n'kukoleka tcheni kuti chilendewere chokha. Analondola ndi khala mmene chagonera, n'kuchichotsa, n'kutembenuza chitseko chadodolido. Mzere umene unali ngati chikho tsopano unaima ngati chitunda. Anafotokoza kuti tcheni chikalendewera, mfundo iliyonse imangokoka inzake basi. Ukachitembenuza, kukoka kuja kumasanduka kukankha. Mwala sudziwa kukokedwa, umang'aluka, koma kukankhidwa umapirira kuposa chinthu china chilichonse. Ntchito ya womanga uta ndi kuika mwala uliwonse pamalo pamene sudzamva china koma kukankhidwa ndi anzake.

A Fraser anamvetsera, koma mawu okha sanawafike pamtima. Ndiye Aliness anagoneka mgolo pamchenga, pakati pa chitsa cha mango ndi maziko a khonde, n'kuyala njerwa pamsana pake popanda dothi, akutsekera timiyala m'mipata ya kumwamba kuti njerwazo zipendeke. Atalowetsa yomaliza pansonga, anafukula mchenga pansi pa mgolo kuti utsike, n'kuusolola. Njerwa zinatsala m'malere. Anapempha a Fraser kuti akwerepo.

A Belita anaika mpeni pansi n'kunena kuti munthu wamkulu asathyoke mwendo chifukwa cha masewera. Koma a Fraser anavula patapata n'kupondapo phazi limodzi, kenaka linalo. Ankayembekezera kuti njerwa zigwedezeka. M'malo mwake anazimva kuphazi zikulumana, kulemera kwawo kukutsika uku ndi uku kukalowa m'chitsa ndi m'khonde. Pamene ankapondereza kwambiri ndi pamene zinkagwirana kwambiri. Anakhala chiimire pamwamba pa njerwa zopanda dothi, pansi pali mphako yoti nkhuku n'kudutsa. Zaka zonsezi ankamanga khoma kuti lilimbane ndi kulemera, ndipo apa kulemera komweko ndi kumene kunkamanga. Aliness atapita, a Fraser anakwera pampando n'kutsitsa thumba lija kudenga.

Ntchito inayamba ndi maziko. Aliness anati moyo wonse wa uta uli pamenepo, chifukwa miyala ikamakankhana, kukankhako kumakathera m'magombe, ndipo gombe likasuntha ngakhale pang'ono, uta umayasamula n'kugwa. Amuna anasema thanthwe ndi mapiki ndi nyundo, kupanga mipando iwiri yopendeka, yoyang'anizana, yoti pakhale mapazi a uta. Mbali ya kumudzi zinayenda bwino. Mbali ya ku Nkhulambe anapeza kuti pansi pa khungu lolimba pali mwala wofumbwa, wonyenyeka ndi dzanja, ndipo Aliness anakanitsitsa kumangapo. Anakumba mpaka munthu kubisika, akukapa madzi ndi zidebe, masabata akupita, kufikira nyundo inayamba kulira ngati belu ikamenya pansi.

Kuminda anthu ankasonkha moto pa miyala ikuluikulu, n'kuithira madzi ozizira itatentha, ndipo inkaphulika ngati mfuti n'kung'aluka. Inali miyala yomwe ija inagumula nyumba ndi kukwirira mbewu, ndipo panali amayi ena amene anakana kuigwira. A Rozaria, mchemwali wawo wa a Belita, amene amuna awo anapita ndi madzi, masiku oyamba ankangoima patali n'kumaonerera. Tsiku lina anafika ndi nkhata m'manja, naloza mwala umene unagona pamene panali nyumba yawo, n'kunena kuti uswedwe, nawonso ukagwire ntchito. Kuyambira pamenepo mzere wa amayi osenza miyala unatalika kuchokera kuminda mpaka kumtsinje, a Belita ali momwemo, akuimba nyimbo za gule wa tchopa zimene a Fraser anali asanazimve chipitireni namondwe.

Uta sungaime wokha usanatsekedwe, choncho a Thomson, kalipentala wa ku Nkhulambe, anamanga chikombole cha matabwa chodzaza mtsinje wonse, choti miyala igonepo pomanga. Nthiti zake anazijambula ndi kuzikhoma pabwalo la mpira potsatira miyeso ya Aliness, kenaka amuna anazinyamula n'kukaziimika pa nsanamira za bulugamu zozikidwa mumtsinje. Pamutu pa nsanamira iliyonse, pomwe pankakhala nthiti, Aliness anaikitsa chitini chodzaza mchenga wouma, chokhala ndi kabowo m'munsi kotsekedwa ndi chitsononkho, n'kuchikutira ndi pulasitiki. Anati ntchito ya zitinizo idzaoneka pamapeto. Chikombolecho chitatha chinkaoneka ngati msana wa chinyama chowerama kuti chimwe madzi, ndipo anthu ankachokera kutali kudzangochiona.

Amisiri anagawidwa pawiri. A Fraser anatsogolera a mbali ya kumudzi, ndipo a Sitima, mmisiri wocheperako msinkhu, wa manja othamanga, anatsogolera a tsidya linalo. Mwala uliwonse unkasemedwa kuti ukhale wonenepa kumsana, wowonda kumimba, n'kukhazikidwa pachikombole ndi simenti yochepa yongodzaza mipata. Apa levulo ya a Fraser inalibe ntchito. Moyo wawo wonse anayala mizere yogona, koma tsopano mzere uliwonse unkapendeka kuposa unzake wa m'munsi, ndipo dzanja lawo linkakana, likufuna kuwongola. Ankachita kudzidzudzula okha. Patapita masiku dzanja linazolowera, ndipo anayamba kuzindikira mwala woyenera akangounyamula.

Masana ena akupuma pamthunzi, akudya nyemba za kalongonda zimene a Belita anabweretsa, a Fraser anafunsa Aliness kuti anayamba nzeru imeneyi ndani. Iye anati palibe akudziwa dzina lake. Anali anthu akale kwambiri, a mayiko akutali, opanda makina, ndipo milatho ina imene anamanga ikadali chiimire mpaka lero, magalimoto akudutsapo, mayina a oimanga ataiwalika kalekale. A Fraser anafunsanso kuti iye wamangapo ingati. Aliness sanabise. Anati wamangapo ing'onoing'ono pa timakwawa, koma waukulu chonchi uwu ndi woyamba. A Fraser anayang'ana chikombole chija, nayang'ana manja awo.

Aliness analamula kuti mbali ziwirizi zizikwera mofanana, koma pamene pali magulu awiri sipalephera mpikisano. Tsiku lina iye atapita ku boma kukalondola simenti, a Sitima ndi anzawo anathamanga, akufuulira kutsidya kuti nkhalamba zagona. A mbali ya a Fraser nawo anapsa mtima n'kuyamba kufulumira, koma anali atatsalira kale. Chakumasana a Thomson, amene ankakonda kukhala pansi pa chikombole chawo, anatuluka mothamanga n'kunena kuti matabwa akulira. Onse anaika zida pansi. M'kachetechete ameneyo anadzimvera okha kulira kwapansipansi, ngati kwa chitseko chakale pamphepo. Chikombole chinali chitayamba kupendekera kumudzi, nsonga yake itatukuka, misomali ina itasolokako.

A Fraser anaimbira foni Aliness. Iye sanakalipe. Anafunsa mbali imene yakwera ndi pamene patukuka, n'kuwauza kuti asaphwasule kanthu, koma aunjike miyala yosamanga pansonga ndi mbali yotsalirayo, pang'onopang'ono, mpaka kulirako kuleke. Anachita zomwezo, akupatsirana miyala mwakachetechete ngati pamaliro, ndipo matabwa anabwerera m'malo mwake a Fraser akuona. Atafika chakumadzulo, Aliness anayeza paliponse, nachotsetsa mizere ingapo ya a Sitima imene inasuntha, kenaka anakhala pamwala n'kuphimba nkhope ndi manja. Ndi pamene a Fraser anazindikira kuti nayenso amaopa.

"Uta wosatseka ndi wofooka kuposa chisakasa," anatero Aliness. "Mbali iyi ikutsamira iyo, ngakhale sizinakumane. Ina ikathamanga, zigwera limodzi."

A Sitima anawoloka kudzapepesa, ndipo kuyambira tsiku limenelo akamaliza mzere ankaimba mluzu n'kudikira kuti a Fraser ayankhe.

Kuchedwa kwa maziko kuja kunadya nthawi, ndipo kutentha kwa Okutobala kunawapeza uta usanakumane. Kuphiri kunayamba kuunjikana mitambo masana alionse. Onse ankadziwa kuti madzi amphamvu akabwera chikombole chikadali mumtsinje, mitengo idzakodwa pa nsanamira zake, ndipo padzapita matabwa, miyala ndi thukuta la miyezi yonseyi. Chizimalupsa chinagwa kumtunda kokha, kumudzi kuli dzuwa, ndipo Nakhwale anabwera wofiira, wa m'mawondo, akunyambita nsanamira. Amuna analowa m'madzi ndi nsungwi kukankha zinyalala kuti zisakodwe. Madziwo anaphwa tsiku lomwelo, koma uthenga wake unamveka.

M'mawa mwake kunalibe wopita kumunda. Midzi ya mbali zonse ziwiri inatsikira kumtsinje, ndipo miyala inkayenda dzanja ndi dzanja kukwera pa makwerero. Mpata wa pansonga unkachepa, mpaka a Fraser ndi a Sitima, amene poyamba ankachita kufuulirana, anapezeka atagwada mawondo akugundana. Panatsala mzere umodzi, wa miyala yotsekera. Imeneyi inasemedwa yothina dala, kuti ilowe mokhomera. A Sitima anapereka nyundo yamtengo kwa a Fraser, ati akulu ndi akulu. Mwala woyamba unalowa theka n'kukana. A Fraser anaumenya modekha, ndipo kumenya kulikonse ankakumva kukuyenda m'miyala pansi pa mawondo awo, kutsika mbali zonse ziwiri mpaka kumagombe. Poyamba uta unkayankha mogontha, ngati mtsuko wa mng'alu. Mwala womaliza utakhala, kulira kunasintha, kunamveka kolimba, kwa chinthu chimodzi. Amayi anayamba nthungululu. A Fraser anakhala chigwadire, dzanja lili pamwala.

Koma Aliness anati chikombole chisachoke mpaka simenti ikhwime. Anali masabata ovuta. Uta unafunditsidwa masaka onyowa, amayi akuuthirira m'mawa ndi madzulo ngati dimba, amisiri akudzaza miyala m'mapewa mwake. Aliyense ankagwira ntchito diso lili kuphiri. A Fraser anayamba kupemphera kuti mvula ichedwe, pamene munda wawo unali utagalauzidwa kale ukudikira mvula yomweyo, ndipo a Belita ankawaseka kuti Mulungu asokonezeka nawo.

Tsiku lomasula chikombole, magombe onse anadzaza anthu, ena ali m'mitengo. Aliness anaika munthu mmodzi pa chitini chilichonse cha mchenga, n'kuwauza kuti akakweza dzanja azule zitsononkho, kuyambira a pakati, ndipo akatsitsa atseke. Iye mwini anakaima pakati penipeni, pansi pa uta. A Fraser anamuuza kuti amenewo si malo oima mwana wa eni. Iye anaseka pang'ono n'kuyankha kuti wojambula mlatho akaopa kuima pansi pake, enawo adzayenda bwanji pamwamba. A Fraser anakaima pambali pake.

Dzanja linakwera. Mchenga unayamba kutsika m'timabowo, timizere toyera topyapyala, kukumveka kaphokoso ngati ka mvula yamawawa padenga la udzu. Panalibe ngakhale wotsokomola. Kwa kanthawi sipanaoneke kusintha kulikonse. Kenaka thabwa lina linalira, ndipo pamwamba pa mitu yawo, pakati pa matabwa ndi miyala, panatseguka kamzere ka kuwala kochepa ngati tsitsi. Kanakula mpaka chala n'kulowa, kenaka chikhatho, kakuyenda kuchokera pansonga kutsikira mbali zonse ziwiri. Matabwa anali atasiya. Miyala yolemera kuposa tchalitchi chawo chonse inali pamwamba pawo popanda choigwira, ndipo sinagwe.

Aliness anakwera pa makwerero n'kuyeza pansonga. Atatsika anaonetsa a Fraser nsonga ya chikhadabo chake, kuti uta wangotsika chomwecho pokhazikika. M'maso mwake munali mutalengeza misozi.

"Wadzinyamula wokha, bambo."

A Fraser anavula chipewa. Phokoso la kumagombe linawapeza mochedwa, ngati likuchokera kutali.

Matabwa ndi nsanamira zitachotsedwa zonse, anthu anaona chimene anamanga. Uta unanyamuka pathanthwe la uku, n'kukwera m'malere, n'kukatera pathanthwe la uko, ndipo munthu akaima chakumunsi ankaona phiri la Mulanje litakhala m'kati mwake ngati chithunzi. Anthu amene anaswa ndi kusenza miyalayo ndi mitu yawo ankaloza n'kumafunsana ngati ndi yomwe ija. Njira itadzazidwa pamwamba, timakoma ta m'mbali titatha, a Rozaria anayenda mpaka pakati, naima nthawi yaitali akuyang'ana kumtunda, kenaka anawoloka. Aliness anatsanzika kupita kumtsinje wina, atasiya mawu akuti madzi aakulu oyamba akadzabwera, a Fraser adzamuimbire.

Madziwo anabwera mu Januwale. Mvula inagwa masiku otsatizana osapuma, ndipo m'mawa wina kuphiri kunamveka mkokomo umene aliyense wa kuno amaudziwa. Sanali Napolo, koma Nakhwale anali asanaluse chomwecho chipitireni namondwe. A Fraser anathamangira kumlatho atafunda thumba, n'kupeza anthu ataunjikana mbali zonse ziwiri, palibe wolimba mtima kupondapo. Pansi pa uta madzi ofiira ankadutsa akuwira, miyala ikugunda pansi ngati ng'oma. Kumtunda kunatulukira mkuyu wathunthu, mizu ili m'mwamba, ukuzungulira. Amayi ena anaphimba kumaso. Mtengowo unafika, unamira mbali imodzi, nthambi zake zinakwecha kumimba kwa uta n'kuthyoka, ndipo unatulukira mbali inayo n'kupitiriza ulendo wake.

A Fraser anakwera pamlatho okha. Atafika pakati anagwira kakhoma ndi manja awiri. Pansi pawo mtsinje unkabangula, koma m'miyala munkangomveka kunjenjemera kochepa, ngati kwa pakhosi pa munthu woimba chamumtima. Anaimbira Aliness, ndipo anangolozetsa foni kumadzi kuti adzimvere yekha. Atayibweza kukhutu, iye anafunsa kuti aima pati. Anamuuza kuti ali pamwamba, pakati penipeni, ndipo madzi okha amene akuwanyowetsa ndi a kumwamba. Akulankhula choncho, bambo wina wokankha njinga, atakweza mayi wodwala wofunda chitenje kumutu, anadutsa kumbuyo kwawo kulowera kuchipatala. Ena anatsatira, poyamba mmodzimmodzi, akuyenda monyang'ama, kenaka chigulu, ana a sukulu akusuzumira m'madzi mpaka akuluakulu kuwakalipira.

Madzi ataphwa, a Fraser ndi a Sitima anatsikira pansi monga anawauzira Aliness, kukayendera mapazi a uta. Anapapasa mzere uliwonse kufuna mng'alu, osaupeza. Kumimba kwa uta kunali zikande zoyera pamene mkuyu unakwecha, ndipo chapamwamba pake anamzeze anali atayamba kale kumata zisa zawo. Chimene madzi anawononga chinali njira yolowera kumlatho mbali ya ku Nkhulambe, imene anaidya m'mphepete. A Sitima anati pafunika kakhoma kotchinga, ndipo miyala yotsala ilipo yokwanira. Anagwirizana zoti adzayambe Lolemba, akatha kupalira.